Momwe Mungaikire Miphika Ikuluikulu ya Maluwa ndi Khoma la Zomera pa Ofesi, Hotela kapena Sitolo

Mwini bizinesi akaona chithunzi cha khoma lobiriwira ndi masamba kuchokera pansi mpaka kudenga, amayamba ndi kufunsa mtundu wa maluwawo ndi mtengo wake, pamene funso limeneli liyenera kudza pambuyo pa ena onse. Zimene zimagwetsa ntchito yotere kawirikawiri ndi kuchepa kwa kuwala, madzi osayenda bwino, kulemera kumene nyumba sinamangidwire, ndiponso kusowa kwa munthu mmodzi wodziwika amene chisamaliro chili m'manja mwake. Malangizo awa akutsata ndondomeko imeneyi, ndipo ndawalemba poganizira nyumba za m'mizinda yathu monga Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, kumene mvula imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, miyezi yotsalayo n'kukhala ya fumbi ndi dzuwa.

Gawo loyamba: dziwani kuwala ndi mphepo ya pamalopo

Musanagule kanthu, pitani pamalo pamene mukufuna kuika zomera m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo mulembe nthawi imene dzuwa limafikapo ndi imene limachokapo. Popeza dziko lathu lili kum'mwera kwa equator, m'miyezi yozizira ya Meyi mpaka Ogasiti dzuwa limapendekera kumpoto, kotero khoma loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa tsiku lonse, pamene loyang'ana kum'mwera limakhala mumthunzi. Mu Disembala zinthu zimatembenuka pang'ono, chifukwa dzuwa limadutsa chakum'mwera. Khoma lovuta kuposa onse ndi loyang'ana kumadzulo, lomwe mu Okutobala limapsa kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, njerwa zake n'kumatulutsabe kutentha usiku. Loyang'ana kum'mawa ndilo labwino kwa amene akuyamba kumene.

M'kati mwa nyumba maso amanyenga, chifukwa chipinda chimene munthu amawerengamo bwinobwino chikhoza kukhala mdima kwa chomera. Kuwala kumayezedwa mu lux, ndipo pulogalamu yaulere ya pa foni ikhoza kukupatsani chithunzithunzi chokwanira. Maofesi ambiri amakhala ndi kuwala kwa pakati pa 300 ndi 500 lux pa desiki, pamene khoma la zomera limafuna 1,000 lux kapena kupitirira apo kwa maola 10 mpaka 12 pa tsiku kuti masamba apitirize kuphuka. Ngati muyeso wanu uli wochepa, ikani mababu a LED oyera, olunjika pakhomapo kuchokera kudenga, ndipo mtengo wake ulowe mu bajeti kuyambira pachiyambi. Onaninso kumene makina oziziritsira mpweya amauzira, chifukwa mphepo yake imaumitsa nsonga za masamba. Pakhonde la nyumba yosanja, kumbukirani mwera wa m'miyezi yozizira, umene umaumitsa dothi msanga ndi kugwetsa miphika yaitali yopyapyala.

Gawo lachiwiri: werengerani kulemera

Apa ndi pamene ngozi yeniyeni ili, ndipo masamu ake ndi osavuta. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo lita imodzi ya dothi la kumunda lonyowa imalemera kilogalamu imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Bokosi la maluwa lotalika masentimita 60 mbali zonse limalowa malita 216, kutanthauza kuti likadzazidwa dothi lotere n'kuthiriridwa limapitirira makilogalamu 300, osawerengera kulemera kwa bokosilo ngati lili la simenti. Mabokosi asanu otere akandandalikidwa m'mphepete mwa khonde la m'mwamba, ndiye kuti mwasenzetsa khondelo katundu woposa tani imodzi ndi theka. Pansi pa nyumba vuto limeneli palibe, koma pakhonde la m'mwamba ndi padenga la konkire funsani injiniya wa zomangamanga, ndipo miphika yolemera ikhale pafupi ndi mizati kapena pamwamba pa makoma onyamula nyumba. Nyumba zosanja za Bosco Verticale mumzinda wa Milan ku Italy, zimene zinatha kumangidwa mu 2014, zili ndi mitengo mazana ambiri m'makonde mwake, koma makondewo anawakonzeratu kuti anyamule katundu ameneyu, ndipo mitengoyo anaimangirira kuti mphepo isaizule.

Khoma la zomera likakhuta madzi limalemera kuyambira pa makilogalamu pafupifupi 30 pa sikweya mita imodzi ngati lili la nsalu, mpaka 100 kapena kuposa ngati lili la timiphika todzaza dothi. Khoma la njerwa zootcha kapena la mabuloko a simenti lomangidwa bwino likhoza kunyamula, koma makoma opyapyala a mabolodi ogawira zipinda m'maofesi sangathe, ndipo pamenepo pamafunika felemu yachitsulo yoima payokha yotsamira pansi. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, pezani chilolezo cholembedwa kwa mwini wake musanaboole khoma.

Gawo lachitatu: sankhani pakati pa miphika ndi khoma

Maganizo anga ndi akuti kampani imene sinasungepo zomera iyambe ndi miphika kwa chaka chathunthu, idutse nayo chilimwe ndi tchuthi cha Khirisimasi, kenako iganize za khoma. Mphika uli ndi dothi lambiri losunga chinyezi, kotero ukaiwalika masiku angapo chomera chimapirira, pamene khoma lili ndi dothi lochepa kapena lilibiretu, ndipo madzi akasiya kufika m'nyengo yotentha likhoza kufota m'masiku awiri kapena atatu.

Makoma a zomera alipo a mitundu itatu. Wosavuta ndi wa zomera zoyanga, zodzalidwa pansi kapena m'bokosi n'kumakwera pa waya kapena pa felemu yotalikirana pang'ono ndi khoma. Umenewu ndi wotchipa, sulira pampu, ndipo pakhoma la kumadzulo ndi umene ndingakulangizeni, pogwiritsa ntchito bougainvillea kapena zoyanga zina zopirira dzuwa. Wachiwiri ndi wa timiphika kapena timabokosi tokoloweka m'mizere pa felemu, chomera chilichonse m'kamphika kake, moti chimodzi chikafa mumangochotsa n'kuikapo china. Wachitatu ndi umene unatchuka ndi katswiri wa zomera wa ku France, Patrick Blanc, amene anaona kuti m'nkhalango zomera zambiri zimamera pamatanthwe onyowa popanda dothi. Iye amakhoma bolodi ya PVC pa felemu yachitsulo, pamwamba pake n'kuyalapo nsalu yokhuthala yosaola, ndipo mizu imayanga m'nsalumo n'kumamwa madzi osakaniza ndi feteleza otsika kuchokera pamwamba. Khoma lake la pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Musée du quai Branly ku Paris, imene inatsegulidwa mu 2006, lili ndi zomera pafupifupi 15,000. Ndi lokongola zedi, koma limadalira pampu yoyenda kangapo pa tsiku osaphonya, ndipo kumene magetsi amazimazima njira imeneyi imafuna sola kapena batire lodalirika. Kwa ambiri a ife, njira ya timiphika ndiyo yoyenera.

Gawo lachinayi: konzani miphika ndi dothi lake

Miphika ya simenti ndi yolimba ndipo akuba sainyamula mwachisawawa, kotero ndi yoyenera pakhomo la sitolo ndi poimika magalimoto. Ya dothi yootcha imapuma bwino koma imauma msanga. Ya fibreglass ndi ya pulasitiki ndi yopepuka, yoyenera m'mwamba, ngakhale pulasitiki wamba amafooka ndi dzuwa n'kuyamba kusweka. Yachitsulo imatentha mizu ikakhala padzuwa. Mabokosi a matabwa amadyedwa ndi chiswe, choncho aikeni pa timiyendo tachitsulo ndipo m'kati mwake muyalemo pulasitiki wokhuthala woboola pansi.

Mphika uliwonse wapanja ukhale ndi mabowo pansi, ndipo ukhale pa timiyala kapena tinjerwa kuti madzi azituluka momasuka. Anthu ambiri amathira miyala yambiri pansi pa mphika poganiza kuti ikuthandiza kutsitsa madzi, koma madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala, ndipo chimene chimachitika n'chakuti dothi lonyowa kwambiri limangokwera kufupi ndi mizu. Phale limodzi kapena kachidutswa ka neti kotchinga bowo kuti dothi lisatayike n'kokwanira. M'kati mwa ofesi njira yaukhondo ndi kusiya chomera mumphika wake wa pulasitiki wa ku nazale, n'kuulowetsa mumphika wokongola wopanda bowo. Mukatero mukhoza kutulutsa chomera kukachithirira panja, kutaya madzi otsalira, kapena kusinthanitsa chofooka ndi chathanzi osadetsa pansi.

Musadzaze miphika ndi dothi la makande la kudambo kapena katondo yekhayekha, chifukwa mumphika limagwirana n'kutsekereza mpweya. Kasakanizidwe kamene ndimakakhulupirira ndi magawo awiri a manyowa a kompositi oolerana bwino, gawo limodzi la mankhusu a mpunga owauka kapena ulusi wa makoko a kokonati, ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje wokhakhala. Makala osinja pang'ono amathandiza kuti dothi likhale lopepuka. Pa timiphika ta pakhoma chepetsani mchenga n'kuonjezera mankhusu, pofuna kuchepetsa kulemera. Manyowa a nkhuku osaola asalowe m'nyumba, chifukwa amaotcha mizu, amanunkha ndiponso amaitana ntchentche. Siyani mpata wa masentimita atatu kapena asanu pakati pa dothi ndi mlomo wa mphika kuti pothirira madzi asasefukire.

Gawo lachisanu: tetezani khoma la nyumba ndi kumanga felemu

Chinyezi chikalowa m'khoma chimafufumitsa penti, chimagwetsa pulasitala ndi kubweretsa nkhungu m'chipinda cha kuseri, ndipo kukonza zimenezi kumadya ndalama zoposa za zomera zonse. Yambani ndi kumata ming'alu, kenako pakani phula lotchinga madzi kawiri, kupitirira malire a zomera mbali zonse. Wowotcherera akonze felemu ya zitsulo, ipakidwe penti yoletsa dzimbiri ngati zitsulozo si za galvanised (zokutidwa kale kuti zisachite dzimbiri), ndipo imangidwe ndi mabawuti olowa m'njerwa kapena m'konkire, osati m'pulasitala mokha. Pakati pa felemu ndi khoma pakhale mpata wa masentimita osachepera asanu woti mpweya uzidutsa. Pa felemuyo khomani bolodi yosalowa madzi, ndipo timiphika tikolowekedwe pa bolodiyo topendekera kutsogolo pang'ono. Pansi penipeni ikani ngalande yolandira madzi odontha, yopendekera ku paipi yotayira kapena ku thanki. Soketi iliyonse ya magetsi imene ili pansi pa khomalo isamutsidwe ndi wodziwa zamagetsi ntchito isanayambe. Musakweze khoma kupitirira pamene munthu angafike ndi makwerero wamba, chifukwa mzere umene wosamalira sangaufikire ndi umene umayamba kufa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: yalani mthirira

Khoma la zomera lili ngati mwana wakhanda, amene amafuna chakudya chochepa koma pafupipafupi ndiponso pa nthawi yake. Kuthirira ndi kheni kumatheka pa khoma laling'ono kwambiri, koma likaposa masikweya mita awiri kapena atatu pamafunika mthirira wodontheza. Paipi yaikulu imakwera m'mbali, ndipo pa mzere uliwonse wa timiphika pamadutsa paipi yaing'ono yokhala ndi kodonthezera pa chomera chilichonse, kotulutsa malita awiri pa ola. Madzi amatsikira pansi, choncho mizere ya m'mwamba imauma pamene ya m'munsi ikuvunda. Kuti muthane ndi zimenezi, mzere uliwonse kapena mizere iwiri iliyonse ikhale ndi kampopi kake kochepetsera madzi.

Madzi akhoza kuchokera ku thanki ya pansi yokhala ndi pampu, kapena ku thanki yoikidwa pamwamba pa khoma kuti azitsika okha. Njira yachiwiriyi ndi imene imapulumutsa zomera magetsi akazima, koma dziwani kuti mita iliyonse ya kukwera kwa thanki imapereka mphamvu ya 0.1 bar yokha (bar ndi muyeso wa mphamvu imene madzi amakankhira m'paipi). Todonthezera tina, tolinganiza mphamvu ya madzi tokha, timafuna theka la bar kapena kuposa kuti titseguke, ndiponso ma timer (zida zotsegula ndi kutseka madzi zokha pa nthawi yoikika) ambiri a batire omangirira pampopi sagwira ntchito madzi akakhala opanda mphamvu. Uzani wogulitsa kutalika kwa thanki yanu kuti akupatseni zida zoyenera. Ikani sefa pakati pa thanki ndi mapaipi, chifukwa kamchenga kamodzi kamatseka kodonthezera, ndipo simudziwa mpaka chomera chitafota.

Pa kukula kwa thanki, werengerani kuti khoma lapanja lolandira dzuwa likhoza kumwa malita asanu kapena kuposa pa sikweya mita imodzi tsiku lililonse mu Okutobala. Khoma la masikweya mita 10 lifuna malita 50 pa tsiku, kotero thanki ya malita 500 ikusungirani masiku khumi mipopi itauma. La m'nyumba limamwa ochepa kwambiri kuyerekeza ndi apa. Madzi a mvula okololedwa padenga ndi abwino kuposa onse. Madzi a mjigo a madera ena, makamaka m'chigwa cha Shire, amakhala ndi mchere umene umaunjikana m'timiphika n'kuotcha mizu, choncho ayezetseni musanawadalire. Thanki ikhale yovindikira bwino, ndipo m'ngalande ndi m'mbale za pansi pa miphika musakhale madzi ogonera, popeza udzudzu umatha kukula kuchoka pa dzira mpaka kuuluka m'sabata imodzi kapena ziwiri nyengo ikakhala yotentha.

Yendetsani mthirira wonse kwa masiku angapo timiphika tili ndi dothi lokha, muone podontha ndi pamene madzi sakufika, musanadzale kanthu.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: sankhani ndi kudzala zomera

Pa miphika ya m'kati mwa ofesi, pamene kuwala kuli kochepa, zomera zopirira ndi sansevieria ya masamba oima ngati malupanga, ndi Zamioculcas zamiifolia, imene amalonda amaitcha ZZ plant. Yachiwiriyi kwawo ndi kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo imasunga madzi m'zikhawo zake, moti imafa ndi kuthirira kwambiri kusiyana ndi ludzu. Pa khoma la mumthunzi kapena la m'nyumba, pothos, philodendron yoyanga, spider plant, fern ya mtundu wa Nephrolepis ndi Asparagus densiflorus zimaphimba timiphika msanga. Padzuwa ikani Portulacaria afra, mitundu ing'onoing'ono ya aloe ndi zina za masamba amadzi. Malo odyera akhoza kudzala timbewu tonunkhira ndi masamba ena okometsera ndiwo pakhoma la kum'mawa pafupi ndi khitchini.

Zomera zomwa madzi mofanana zikhale pa mzere umodzi, zopirira ludzu m'mwamba, zokonda chinyezi m'munsi. Mitundu inayi kapena isanu yodzalidwa m'magulu imaoneka bwino ndipo imasamalika mosavuta kusiyana ndi mitundu makumi awiri. Pamalo pofika ana, monga kuchipatala, kusukulu ya mkaka kapena kumalo odyera, pewani oleander, amene ndi poizoni thupi lonse, ndi dieffenbachia, imene utomoni wake umatupitsa m'kamwa. Pothos, philodendron ndi ZZ plant nazonso zimayabwa zikatafunidwa, choncho zikhale potalikira manja a ana. Lantana musamudzale n'komwe, popeza mbalame zimamwaza njere zake ndipo walanda kale malo ambiri odyetsera ziweto.

Pogula ku nazale kapena kwa ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu, tembenuzani masamba muone ngati kunsi kwake kuli tizilombo, ndipo gulani zoonjezera pafupifupi chimodzi pa khumi zilizonse zodzalowa m'malo mwa zofa. Dzalani m'timiphika tili pansi pamthunzi, mudikire masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti mizu igwire, kenako mukoloweke pakhoma. Zopita m'nyumba zizolowere mthunzi pang'onopang'ono. Panja, nthawi yabwino ndi pamene mvula yakhazikika kapena ikupita kumapeto, osati m'kati mwa kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala.

Wogulitsa akakuuzani kuti zomerazi ziyeretsa mpweya wa mu ofesi, musalipire ndalama zoonjezera pa chifukwa chimenecho. Mawuwa amachokera pa kafukufuku wa mu 1989 wa NASA, bungwe la ku America lofufuza za mumlengalenga, amene anachitikira m'timabokosi totseka. Mu 2019 akatswiri a pa Drexel University ku America ataunikanso kafukufuku wa zaka zambiri anapeza kuti pangafunike zomera pakati pa 10 ndi 1,000 pa sikweya mita imodzi ya chipinda kuti zifanane ndi mpweya umene umalowa ndi kutuluka m'nyumba mwa masiku onse. Phindu lenileni ndi lakuti malo amakongola, anthu amakhalapo momasuka, ndipo khoma lapanja lophimbidwa ndi masamba silitentha ngati la njerwa zapoyera.

Gawo lachisanu ndi chitatu: perekani chisamaliro kwa munthu mmodzi

Ntchito imeneyi ilembedwe pa udindo wa munthu mmodzi, akhale ndi womulowa m'malo akapita kutchuthi, ndipo apatsidwe nthawi ndi zida, osangomuunjikira pamwamba pa kukolopa ndi kuphika tiyi. Ngati mwalemba kampani yakunja, mgwirizano unene kuti azibwera kangati pa mwezi ndiponso amene alipire zomera zikafa. Sabata iliyonse wosamalirayo apise chala m'dothi la mzere wa pamwamba, wa pakati ndi wa pansi, aone ngati todonthezera tonse tikutulutsa madzi, atsuke sefa, achotse masamba ouma ndi kutaya madzi a m'mbale. Miphika ya m'nyumba ithiriridwe pokhapokha dothi la pamwamba litauma kufika pa mfundo yachiwiri ya chala. Antchito ena onse auzidwe mwaulemu kuti asathirire mwa chifundo chawo, ndiponso asatayire tiyi wotsala m'miphika, chifukwa shuga ndi mkaka zimaitana nyerere ndi kuoletsa dothi.

Kamodzi pa mwezi thirani feteleza wosungunuka m'madzi wokhala ndi michere yonse itatu ya NPK, pa theka la mlingo wolembedwa pa paketi, ndipo m'miyezi yozizira muchepetse. Urea wa chimanga ndi waukali kwambiri kwa kamphika kakang'ono. Mukaona zoyera ngati mchere pamwamba pa dothi, thirani madzi ambiri opanda feteleza mpaka atuluke pansi. M'chilimwe pukutani fumbi pamasamba akuluakulu ndi kansalu konyowa, ndipo dulirani zoyanga zisanaphimbe zinzake. Tizilombo tofala ndi kodikodi woyera ngati thonje, nsabwe za m'masamba, ndi akangaude ofiira amene amachuluka kukauma. Mukatiwona msanga, madzi a sopo wochepa kapena a nimu amakwanira, ndipo chomera chogwidwa kwambiri chitulutsidwe panja. Mankhwala aukali a kumunda asapoperedwe m'chipinda chogwiriramo ntchito anthu.

Ofesi ikamatseka pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka, dzazani thanki, ikani mabatire atsopano mu timer, siyani mababu a khoma la m'nyumba akuyaka ndi kuzima pa nthawi yake, ndipo musonyezeni mlonda pamene pali mpopi wotsekera madzi onse. Musiyireninso nambala ya foni ya wosamalira zomera, kuti paipi ikaphulika kapena thanki ikauma adziwe woti amuimbire.